Mashiti Anayi m'Kabati ya Alamu

Pofika sikisi koloko m'mawa wa Lachinayi, Make Mapasa anali atachapa kale matewera asanu ndi atatu, atawiritsa mkaka, atasambitsa ana awiri odana ndi madzi ngati amphaka, atadzutsa bambo awo kawiri, ndiponso atafunafuna nsapato ya wamng'ono n'kukaipeza ikuyandama m'ndowa. Zotsala zinali kukasiya anawo kwa mayi wowasunga, kuthamangira basi, kupinda mashiti a pabedi tsiku lonse kukampani yochapa zovala, kubwerera kudzatenga ana isanakwane faifi, n'kuyambiranso matewera. Tsikulo linali litadzaza kale mpaka pakhosi. Koma atatsegula chitseko anapeza ntchito ina itakhala pakhonde, itavala duku, maso ali psuu.

Anali mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, amene kuntchito aliyense ankangomutchula kuti a Tcheya chifukwa ndiye anasankhidwa kutsogolera bungwe la antchito.

"Ine kuba mashiti, alamu? Ine? Zaka khumi ndi zinayi ndikupinda mashiti a eni ake, wanga kunyumba ndi wazigamba, lero ndiyambe kuba?"

"Mwadya?"

"Ndikukamba za moyo wanga, inu mukuti ndadya?"

"Gwirani mwana uyu kaye, ndivale nsapato."

Nkhani inali chonchi. Dzulo lake masana, bwana wa kampani anaimitsa makina onse, nalamula kuti makabati achitsulo osungiramo zovala za antchito atsegulidwe aliyense akuona. M'kabati ya a Tcheya munatuluka mashiti anayi oyera a hotela, opindidwa, atasanjidwa pamwamba pa nsapato zawo. Pompo anawaimitsa ntchito. Mlandu anauika lero fili koloko, ndipo aliyense ankadziwa mathero ake: kalata yowachotsa inali itangodikira sayini.

"Amaloleza kulowa ndi mnzako mmodzi," anatero a Tcheya. "Ndasankha inu."

"Mwasiya anthu ophunzira onse aja? Ine wolekezera fomu wanu?"

"Ophunzirawo akuopa. Inu mulibe nthawi yoopa."

Make Mapasa anapuma mwamphamvu, naberekera mwana mmodzi kumbuyo, wina m'manja. A Tcheya akachotsedwa, ndiye kuti ana awo atatu ndi apongozi odwala amene ankawasunga, onse adzatsamira pa nyumba ino ya zipinda ziwiri. Anatseka chitseko ndi phazi.

* * *

Pageti anapeza a Mlonda, madala a ndevu zoyera amene nkhani iliyonse amaiyambira kutali.

"Madala, dzulo nthawi ya nkhomaliro ndani anatsala m'katimu?"

"Eee, mwanawe, funso labwino. Ine ntchito ino ndinayamba denga ili lisanafoleredwe. Nthawi imeneyo geti linali la matabwa..."

"Madala, belu likulira pakatha mphindi zinayi."

"Ndikufika kumeneko! Ana amakono, mumafuna mawu ngati madzi a pampopi." Anakhosomola. "Nonsenu munatuluka thwelofu, si choncho? Poti bwana analetsa msonkhano wa yuniyoni m'kati mwa mpanda wake. Ndiye munakaunjikana kuseri kwa msewu uko, padzuwa, alamu anuwo atakwera pa kreti, akulalikira ngati abusa. Ndinakuwerengani potuluka, makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Pobwera wanu koloko, makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi."

"Palibe anabwerera pakati?"

"Akanadutsa pati? Pamutu panga?"

"Nanga bwana?"

"A Ndime Seveni? Anatuluka ndi dalaivala leveni koloko, ati kukaonana ndi a hotela. Anabwera cha m'ma thu, osalowa n'komwe muofesi, molunjika kumakabati." A Mlonda anatsitsa mawu. "Ngati munthu amene wauzidwa pafoni kuti nyama yapsa."

Bwanayo dzina limeneli analipeza chifukwa cha pepala la mgwirizano wa ntchito. Ukafunsa chifukwa chimene wakusinthira shifiti, yankho linali ndime seveni. Chifukwa chimene wachotsera wailesi, ndime seveni. Ndimeyo inkati kampani ili ndi ufulu woyendetsa ntchito m'mene ikuonera, ndipo bwanayo ankaikoka ngati lamba wa mphira, kuti ikwane pamimba iliyonse.

"Ndiye m'katimu munalibe munthu?"

"Sindinatero ayi. Munali a Kapitao. Munalinso..."

Belu linalira. Make Mapasa anathamanga, popeza kuchedwa mphindi imodzi nakonso kunali ndi ndime yake.

* * *

Nthawi ya tiyi ya teni koloko anaisiya kapu ili yodzaza, nalowera kumakina oumitsa zovala. Kumeneko kumatentha ngati m'uvuni, ndipo bambo woyang'anira makinawo anthu ankamutchula kuti Thukuta. Thukuta sankayankhula, ankakuwa, poti makina anamugonthetsa khutu limodzi.

"Mashiti a hotela aja munawatulutsa nthawi yanji dzulo?"

"Ati?"

"Mashiti! A hotela! Nthawi yanji?"

"Osandikalipira, mlongo, ndikumva! Belu la thwelofu likulira, ine ndikuwakokolola. Makumi asanu ndi limodzi, sikisite ndendende. Ndinawaponya m'ngolo iyo akutentha, osapinda, osasita. Ndinathamangira kumsonkhano, ndinkafuna malo a pamthunzi. Sindinawapeze! Anali atatenga akazi onse!"

"Belu lisanalire, mashitiwo anali m'makina?"

"Akuzungulira! Amene akanawatenga akanatuluka alibe mkono!"

Make Mapasa anawerengera ndi zala. Thwelofu isanakwane mashiti anali m'makina. Kuyambira thwelofu mpaka wanu, a Tcheya anali pa kreti, anthu makumi awiri ndi asanu akuwayang'ana m'kamwa. Wanu koloko, iye mwini ndi mnzake wopinda naye anapeza m'ngolo muli mashiti makumi asanu ndi ena asanu ndi limodzi, anayi atasowa kale, ndipo kuyambira pamenepo mpaka chipikisheni, a Tcheya sanachoke patebulo lawo ngakhale kupita kuchimbudzi.

"Bwana munawauza zimenezi?"

"Anandifunsa ndani? Ine pano amangondifunsa chifukwa chake magetsi akukwera!"

Potembenuka anangoti gwa! ndi chifuwa cha munthu. Anali a Kapitao, cholembera chili kukhutu, manja m'chiuno.

"Iwe Make Mapasa, tebulo lako lili kuno?"

* * *

A Kapitao anali munthu wamfupi wokonda mawu aatali. Anamukokera pakona, pafupi ndi migolo ya sopo.

"Ndikumva kuti wasanduka wapolisi. Ukudziwa kuti kufunsafunsa nthawi ya ntchito ndi kusokoneza dongosolo?"

"Ino ndi nthawi ya tiyi, a Kapitao. Tiyi wanga ndikumwera kuno. Inu dzulo thwelofu munali kuti?"

"Sindiyankha kwa iwe."

"Chabwino. Fili koloko ndikanena kuti m'kati monse munatsala inu, ndipo makiyi apadera a makabati mumadziwa pamene amakhala. Akabwera apolisi mukayankha kwa iwowo."

Nkhope ya a Kapitao inasintha. Anachotsa cholembera kukhutu, nachibwezeranso.

"Ine sindinakhudze shiti la munthu. Ndinali... ndinali panja. Kumpanda."

"Mukutani kumpanda, dzuwa lonse lija?"

"Kupuma mpweya."

"Ola lathunthu? Mpweya wake unali wochuluka bwanji?"

A Kapitao anayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa kabuku m'thumba la malaya, nakatsegula mwamanyazi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Munali mayina a onse amene anapita kumsonkhano, ndi nthawi yake pambali. Amene anaomba m'manja anali ndi nyenyezi. Dzina la Make Mapasa linali ndi nyenyezi ziwiri.

"Ziwirizi n'zachiyani?"

"Unaimba nthungululu."

"Ndinaluma lilime, a Kapitao, ndimadya buledi." Anawabwezera kabuku. "Ndiye munakhalira kusuzumira pabowo la mpanda ngati mbuzi. Bwana ndiye anakutumani?"

"Bwana ali ndi ufulu wodziwa zochitika pakampani pake."

"Tinali kuseri kwa msewu. Msewu nawo ndi wake?"

"Funsa a Mlonda ngati ukukayika, anandiona, mpaka anandibwereka mpando. Ine makiyi sindisunga. Amakhala m'dirowa muofesi."

"Muofesi munali ndani?"

A Kapitao anabweza kabuku m'thumba.

"Tiyi watha," anatero. "Bwerera patebulo."

* * *

Kupinda shiti pakampanipo ndi ntchito ya anthu awiri. Wina agwira ngodya ziwiri uku, wina uko, mukutumula kamodzi, mupinda patatu m'litali kuti chizindikiro cha hotela chikhale pamwamba, kenako muyenderana n'kukumana pakati ngati mukuvina. Make Mapasa ankapinda ndi mayi wina wotchedwa Wamtali, amene manja ake ankafika kumene ena amafunira mpando.

"Ukukoka ngati wakwiyira shiti," anatero Wamtali. "Lakulakwira chiyani?"

"Ndikuganiza."

"Ganiza ndi mutu, manja asiye."

Chitseko cha ofesi chinatseguka. Anatuluka a Kalaliki, mtsikana wa nsapato za gogoda amene anabwera miyezi isanu yapitayo pa kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Anadutsa pakati pa makina ositira mothamanga, atatchinga nkhope ndi fayilo.

"Taona, akuthawa nthunzi," Wamtali ananong'ona. "Akangoima muno mphindi zisanu, nkhope yonse ija itsikira m'khosi. Ine ndinayesapo phaudala sabata yanga yoyamba. Pofika teni ndinali ngati khoma lovumbwa. Amuna anga anandifunsa ngati ndagwa m'matope."

Make Mapasa sanaseke. Anaima, ngodya za shiti zili m'manja.

"Wamtali, mashiti anatuluka m'kabati dzulo aja, unawaona bwino?"

"Ndinawaona. Ndinachita manyazi m'malo mwa a Tcheya. Kuba n'kuba, koma kapindidwe kotero? Opinda panayi, onenepa ngati pilo, chizindikiro chili m'kati. Ndinati mwina anali pachangu."

"Alamu anga angapinde panayi? Anthu amene kunyumba amapinda patatu ndi kansalu kopukutira mbale komwe? Tsiku lina anandipindira matewera patatu, mwana mpaka anakwiya."

Anasiya ngodya zake, natenga shiti lina m'ngolo, nabisala nalo kuseri kwa ngolozo kumene kulibe tebulo. Anayesa kulipinda yekha ali chiimire, osalola kuti likhudze pansi. Manja awiri sanakwane. Asanaganize n'komwe, mutu unatsika wokha, chibwano chinapana pakati pa shitilo.

Anakhala choncho kanthawi, shiti lili pachibwano, maso ali pachitseko cha ofesi.

"Wadwala?" anafunsa Wamtali.

"Nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane fili."

* * *

Muofesi munali fani, chinthu chimene kumakina anachichotsa chaka chatha pa ndime seveni. Bwana anakhala kuseri kwa desiki, a Kapitao ataima pambali pake, a Kalaliki ali pakona ndi kope lolembamo zokambirana. A Tcheya anakhala pampando wopanda chotsamira. Mashiti anayi aja anali pa desiki m'pepala lapulasitiki, ndipo pafupi nawo panali kalata yotembenuzidwa chafufumimba.

"Tisatayane nthawi," anayamba bwana, mawu ake ofewa ngati a wolengeza maliro. "Ine ndilibe vuto ndi bungwe lanu. Ndimalilemekeza. Kuti misonkhano isachitikire muno, ndi ufulu wanga. Kutsegula makabati, ndi ufulu wanga, makabatiwo ndi anga. Ndime seveni ikunena momveka. Chimene sindingachite ndi kuchotsa munthu chifukwa cha bungwe, ndipo sindikutero. Ndikuchotsa wakuba. Mayi, muli ndi mawu?"

A Tcheya anadzuka kuti ayambe ulaliki, koma Make Mapasa anawakoka chitenje.

"Khalani pansi, alamu. Bwana, ine sindidziwa ndime. Ndimadziwa mashiti. Ndingawatsegule?"

"Ndi umboni umenewo."

"Ndiye tiuone umboniwo. Kapena umaoneka uli m'pepala?"

Bwana anakweza mapewa. Make Mapasa anang'amba pulasitiki ndi chikhadabo, chikhadabocho n'kuthyoka. Anatukwana chamumtima, natulutsa shiti loyamba.

"Choyamba, awa ndi osasita, onani makwinya. Anachoka m'makina belu la thwelofu likulira, kafunseni Thukuta, koma mukuwe. Kuyambira thwelofu mpaka wanu alamu anga anali kuseri kwa msewu. Mboni ndi a Kapitao awa, analemba m'kabuku kawo mphindi iliyonse, ndi nyenyezi zomwe. A Kapitao, tulutsani kabuku."

A Kapitao anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa zina.

"Chachiwiri, awa apindidwa panayi. Kuno timapinda patatu. Munthu wa pansi apa ngakhale mutamudzutsa kutulo sangapinde chonchi, manja amakana okha. Wapinda awa sanagwirepo ntchito patebulo."

"Zimenezo ndi nkhani za kukhitchini," anatero bwana.

"Eya, ndi za kukhitchini. Chachitatu nachi. Wapindayu anali yekha, wabisala, alibe tebulo. Munthu ukakhala wekha shiti umaligwira ndi chiyani?"

Anatambasula shitilo pa desiki, pamwamba pa kalata ija. Pakati penipeni pa mpendero panali banga lofiirira, lozungulira ngati chidindo. Anatambasula lachiwiri. Banga. Lachitatu, lachinayi, chimodzimodzi. Anapaka chala pabangapo, nachikweza kuti onse aone.

"Phaudala uyu, bwana. Wa pachibwano. Pansi apa palibe mkazi amadzola phaudala, nthunzi simalola. Tayang'anani nkhope ya alamu anga, ikuwala ngati poto. A Kapitao sadzola, pokhapokha ngati ayamba dzulo. Inu munali kuhotela. Makiyi amakhala m'dirowa iyo."

Cholembera cha a Kalaliki chinali chitaima. Dzanja lawo linakwera lokha kukagwira chibwano, ndipo ataona kuti onse aona, analibweza mochedwa.

"Bwana," anatero a Kalaliki, "munati ndikupezereni chifukwa. Munati kontrakiti yanga ikutha mwezi uno, ndiye ndionetse kuti ndine wothandiza."

"Ndinati chifukwa," anayankha bwana osawayang'ana n'komwe. "Sindinati mashiti."

"Koma nditakuimbirani foni munati ndachita bwino!"

"Ndinkayesa mwaona wakuba weniweni. Mwandikhumudwitsa kwambiri, mayi. Lembani zimenezo m'kopemo." Anasolola kalata ija pansi pa shiti, naipinda, naiika m'thumba. "A Tcheya, pakhala kusamvetsetsana. Mubwerere kuntchito Lolemba."

"Kusamvetsetsana?" A Tcheya anaimirira, ndipo ulendo uno palibe anawakoka. "Munanditsegulira kabati pamaso pa anthu onse! Mupepese pamaso pa anthu omwewo!"

"Palibe ndime yondikakamiza kutero."

"Nanga mwana uyu mwamugwiritsa ntchito ngati chikolopa?" anatero a Tcheya, akuloza a Kalaliki.

"Kontrakiti yake ikutha. Kuonjezera kapena kusaonjezera ndi ufulu wanga." Anatembenukira kwa Make Mapasa, akumwetulira. "Inu mayi muli ndi diso labwino pa mabanga. Diso lotere tikuliwononga patebulo. Kuyambira Lolemba mukhala kosankhula zovala zakuda zochokera kuchipatala, shifiti yoyamba sikisi."

"Sikisi? Bwana, ndili ndi mapasa. Wosunga ana amatsegula seveni."

"Ndime seveni, mayi."

Make Mapasa anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa folo. Anali ndi mawu ambiri okwana kudzaza ngolo, koma basi ya hafu folo sidikira mawu.

"Alamu, nyamulani chikwama tizipita."

Pakhomo a Kalaliki anamugwira mkono Make Mapasa, misozi itajambula mizere iwiri m'masaya.

"Achemwali, ine ndili ndi mwana ngati inu. Ndikanatani?"

"Mukanabwera kuseri kwa msewu, kunali malo," anatero Make Mapasa. Anafufuza m'chikwama, napeza thewera loyera, nawapatsa. "Pukutani. Mubweze, ndi owerengeka."

* * *

Mtengo wa zonsezi unali uwu. A Tcheya ntchito inatsala, koma masiku atatu amene anakhala kunyumba anawadula pa tchuthi chawo, ndipo bungwe likulembabe makalata za nkhaniyo. A Kalaliki anachoka kumapeto kwa mwezi, thewera sanabweze. A Kapitao anagula kabuku katsopano. A Mlonda anawalanda mpando, ati amacheza kwambiri ndi antchito. Wamtali anamupatsa mnzake wopinda naye wamfupi kwambiri, moti pofika Lachitatu anali akudandaula msana.

Make Mapasa anataya kapu ya tiyi, chikhadabo chimodzi, ndi basi ya hafu folo, moti anakapeza mapasa atakhala panja pa geti ndi mayi wowasunga atatupa ngati chule. Tsopano amadzuka folo, ndipo ana amawaperekeza ndi bambo awo, amene sabata yoyamba anawaveka nsapato zosiyana masiku anayi. Fungo la kosankhula zovala limamutsatira mpaka m'basi, anthu amamusiyira mpando wonse.

Bwana sanataye kanthu. Mashiti anayi aja anabwerera kuhotela Lachiwiri, oyera, ositidwa, opindidwa patatu. Phaudala sachoka ndi makina, amafuna sopo wa m'manja ndi kutikita. Anatikita ndi Make Mapasa, pa nthawi yake ya nkhomaliro.